Kufunsa Kompyuta Yakale Dzina Lake

Nkhani ya lero ikukhudza makompyuta akale, makamaka aja amene amafika m'dziko muno atagwirako kale ntchito kunja. M'masukulu, m'maofesi a m'maboma, m'tinyumba totaipira makalata ta m'misika ndiponso m'makomo mwa anthu muli makina ambiri a Dell, HP ndi Lenovo amene anapangidwa zaka 15 kapena 20 zapitazo. Makina otereŵa ngolimba, ndipo pa ntchito yolemba makalata, yosunga maina a ophunzira kapena yoŵerengera ndalama za m'sitolo akadali okwanira ndithu. Mavuto amayamba tsiku limene hard disk yafa, kapena vairasi yasokoneza zinthu, mwini wake nkuitana mmisiri kuti aikemo Windows mwatsopano. Ntchitoyo ikatha kompyuta imayaka, koma siitulutsanso mawu, siilumikizana ndi intaneti, zilembo pa sikirini zimaoneka zikuluzikulu ndi zotambalala, ndipo kukopera chikalata pa fulashi kumatenga nthaŵi yoti munthu nkuphika tiyi. Apa ambiri amataya mtima, namati makina atha. Ena amafika pogulitsa kompyuta yabwinobwino pa mtengo wa zitsulo zakutha. Chikhalirecho makinawo sanathe ai. Chimene chasoŵa ndi timapulogalamu tating'ono totchedwa madalaivala, ndipo oyamba mwa iwo ndi a chipset.

Dalaivala amene akunenedwa pano si bambo uja woyendetsa basi. Ndi pulogalamu yaing'ono imene imaima pakati pa Windows ndi chipangizo chimodzi cha m'kati mwa kompyuta. Windows ili ngati mlendo wofika pamudzi pomwe banja lililonse lili ndi chinenero chakechake. Chipangizo chotulutsa mawu chili ndi malankhulidwe ake, cholumikizira intaneti chili ndi ake, chojambula zithunzi pa sikirini chilinso ndi ake. Popanda womasulira mlendoyo angathe kupereka moni ndi kuloza ndi chala, koma kukambirana kwenikweni sikungachitike. Nchifukwa chake kompyuta yopanda madalaivala imayaka koma imagwira ntchito mopunduka.

Nanga chipset nchiyani? Munthu akatsegula bokosi la kompyuta, atayamba wazimitsa ndi kuzula nthambo ya magetsi, amaona chibolodi chachikulu chodzaza ndi tinjira ta mkuwa. Chimenecho ndicho motherboard, chimene amisiri ambiri amangochitchula kuti bodi. Pansi pa fani yaikulu pali processor, imene imachita masamu onse, ndipo pambali pake pamaima timatabwa ta RAM. Koma processor siidzuka kukatenga yokha zinthu ku hard disk kapena ku mabowo a USB. Ili ngati mfumu imene imakhala pabwalo, mauthenga nkumabwera ndi kupita kudzera mwa nduna. Nduna zimenezo ndizo chipset. Pa makina ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2009, chipset inali tizidutswa tiŵiri takuda ta makona anayi. Koyamba kali pafupi ndi processor, ndipo kaŵirikaŵiri kamavala chitsulo choziziritsira. Dzina lake ndi northbridge, ndiko kuti mlatho wa kumpoto, ndipo kamayang'anira RAM ndi zithunzi za pa sikirini, zinthu zofuna liŵiro. Kachiŵiri ndi southbridge, mlatho wa kumwera, kamene kamayang'anira hard disk, mabowo a USB, mawu ndi zina zoyenda pang'onopang'ono. Maina ameneŵa anachokera pa zojambula za akatswiri, pomwe processor inkaikidwa pamwamba pa pepala monga mmene kumpoto kumakhalira pa mapu. Pambuyo pake ntchito za mlatho wa kumpoto zinayamba kusamukira m'kati mwa processor momwe: kampani ya AMD inasamutsa kayang'aniridwe ka RAM m'chaka cha 2003 ndi Athlon 64, ndipo Intel inachita zomwezo mu 2008 ndi Core i7 yoyamba. Komabe makina ambiri akale akadali ndi milatho yonse iŵiri, ndipo popeza chipangizo china chilichonse chimaolokera pa milatho imeneyi, Windows ikapanda kuizindikira bwino zina zonse zimatsimphina.

Tsono apa mpamene anthu ambiri amasokera. Dzina lolembedwa kunja kwa bokosi si dzina la chipset. Dell, HP ndi Lenovo amagula tizidutswa timeneti kwa ena. M'zaka zimenezo ogulitsa aakulu anali Intel ya ku America, VIA ndi SiS za ku Taiwan, NVIDIA imene inayamba kupanga mtundu wa nForce mu 2001, ndi ATI ya ku Canada, imene AMD inaigula mu 2006. Mtundu umodzi wa makina a Dell, wotchedwa OptiPlex, umaonetsa bwino mmene zinthu zimasiyanirana. OptiPlex GX620 ya mu 2005 ili ndi chipset ya Intel 945G. OptiPlex 745 ya mu 2006 ili ndi Q965. OptiPlex 755 ya mu 2007 ili ndi Q35. Q35 yomweyo imapezekanso mu HP Compaq dc7800, kotero kuti makina aŵiriŵa, ngakhale maina ao ngosiyana, m'kati mwao ndi pachibale. Koma OptiPlex 740, imene nambala yake ingopambanidwa ndi 745 ndi zisanu zokha ndipo bokosi lake nlofanana, ili ndi processor ya AMD ndi chipset ya NVIDIA. Mmisiri wonyamula fulashi ya madalaivala a 745 angathe kulimbana ndi 740 tsiku lathunthu osaphula kanthu.

Palinso china. Makina ambiri ogulitsidwa m'misika anasoŵa kale umodzi wao: bodi inachokera ku kompyuta ina, bokosi ku ina, RAM ku inanso. Chikalata chomatidwa kunja chingathe kunena za bodi imene inatayidwa kalekale. Motero wodalira zolembedwa kunja akudalira mboni imene panalibe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi woyenera kufunsidwa ndi kompyuta yomweyo, pakuti chipangizo chilichonse cha m'kati mwake chimadziŵa dzina lake ndipo chimalitchula chikafunsidwa.

Kafunsidwe kake nkotere. Munthu akanikize batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows pamodzi ndi chilembo R, m'kabokosi kotulukako alembe devmgmt.msc, nkukanikiza Enter. Njira imeneyi imagwira ntchito kuyambira pa Windows XP mpaka pa Windows 11. Patseguka mndandanda wotchedwa Device Manager, kaundula wa zipangizo zonse za m'kompyutamo. Zimene Windows yalephera kuzizindikira zimaunjikidwa pansi pa mutu woti Other devices, chilichonse chili ndi chizindikiro chachikasu. Maina ake amakhala osalongosoka: SM Bus Controller, Ethernet Controller, PCI Simple Communications Controller, mwinanso Unknown device basi. Maina otereŵa akungonena mtundu wa ntchito, monga mmene munthu anganenere kuti pabwera mmisiri wa matabwa osatchula kuti ndani. Pofuna dzina lenileni, adine kaŵiri pa chipangizocho, asankhe tsamba la Details, ndipo pa mndandanda wa pamenepo asankhe Hardware Ids. Paoneka mzere wonga uwu: PCI\VEN_8086&DEV_27DA.

Mzere umenewu ndiwo chitupa cha chipangizocho, ndipo nkoyenera kuumvetsa bwino. Dongosolo la PCI, limene Intel inayambitsa mu 1992, limafuna kuti chipangizo chilichonse chikhale ndi manambala aŵiri osindikizidwa m'kati mwake, osafufutika. Yotsatira mawu oti VEN imatchula kampani imene inapanga. Yotsatira DEV imatchula chipangizo chenichenicho. Nambala ya Intel ndi 8086, yofanana ndi dzina la processor yake yotchuka ya mu 1978, ndipo siivuta kukumbukira. Ya VIA ndi 1106, ya SiS ndi 1039, ya NVIDIA ndi 10DE, ya AMD ndi 1022, ya ATI ndi 1002. Realtek, imene inapanga zipangizo zambiri za intaneti ndi za mawu, ili ndi 10EC, pamene Broadcom ili ndi 14E4. M'chitsanzo cha pamwambacho, 8086 ikunena Intel, ndipo 27DA ikunena SMBus ya southbridge yotchedwa ICH7, imene inkayenda pamodzi ndi chipset ya 945. Munthu wodziŵa zimenezi wadziŵa kale banja lonse la bodi yake. Pokopera manambalawo pa pepala asamale: m'kaŵerengedwe kameneka mumagwiritsidwa ntchito manambala 0 mpaka 9 ndi zilembo A mpaka F zokha. Chilembo O mulibe. Chooneka ngati O ndi ziro. B ndi 8 nazonso zimasokoneza anthu pa sikirini yosaoneka bwino.

Mzere wautali wa pamwamba umakhalanso ndi mawu oti SUBSYS, otsatidwa ndi zilembo ndi manambala asanu ndi atatu. Anayi omalizira amaulula kampani imene inapanga makinawo: 1028 ndi Dell, 103C ndi HP, 17AA ndi Lenovo, 1043 ndi ASUS. Bokosi likanena kuti HP pamene SUBSYS ikuthera ndi 1043, mwina wina anasintha bodi. Manambala onseŵa angafufuzidwe pa mndandanda waulere wa pa intaneti wotchedwa PCI ID Repository, ngakhale pa foni yam'manja. Palinso pulogalamu yaing'ono yaulere yotchedwa CPU-Z, imene pa tsamba lake la Mainboard imaonetsa wopanga bodi, mtundu wake, chipset ndi southbridge. Ndipo kumene kulibe zonsezi, tochi ndi maso zimakwana, pakuti dzina la bodi limasindikizidwa ndi zilembo zoyera pa bodi pomwepo, kaŵirikaŵiri pakati pa mipata yoikamo makadi.

Dzina likadziŵika, funso lotsatira ndi lakuti dalaivala atengedwe kuti. Khomo loyamba kugogoda ndi la kampani imene inapanga makinawo. Dell imapatsa kompyuta iliyonse nambala ya zilembo zisanu ndi ziŵiri yotchedwa Service Tag, imene imaonekanso mu BIOS, ndipo ikalembedwa pa tsamba la chithandizo la kampaniyo imatulutsa madalaivala a makina amenewo. HP ndi Lenovo nazo zili ndi masamba otere, ofuna nambala ya makina kapena dzina la mtundu wake. Khomo limeneli ndilo loyamba chifukwa makampani ameneŵa nthaŵi zina ankasintha pang'ono kalumikizidwe ka mawu kapena ka zithunzi, ndipo dalaivala wao ndiye amadziŵa zosinthazo. Ngati makinawo ngolumikiza, khomo ndi la wopanga bodi, monga ASUS, Gigabyte kapena MSI. Pa ma bodi a Gigabyte munthu ayang'anenso pakona pomwe palembedwa REV, pakuti bodi ya dzina limodzi inkatuluka m'mibadwo iŵiri kapena itatu yokhala ndi zipangizo zosiyana. Khomo lachitatu ndi la wopanga chipset mwini.

Nzachisoni kuti makomo ena anatsekedwa. Chakumapeto kwa 2019 Intel inachotsa pa tsamba lake madalaivala ndi ma BIOS ambiri a zipangizo zake zakale. Mu 2020 Microsoft inatseka njira imene Windows XP ndi Vista zinkalandirira zinthu kudzera pa Windows Update, kotero kuti makina amenewo sangadzipezerenso okha chilichonse. Otsala ndi malo aŵiri odalirika. Oyamba ndi Microsoft Update Catalog, nkhokwe ya Microsoft momwe munthu angalembe manambala a VEN ndi DEV aja nkupeza madalaivala amene makampani anapereka. Achiŵiri ndi Internet Archive, nyumba yosungira zakale ya ku San Francisco imene inayamba mu 1996; kumeneko kunasungidwa masamba akale a makampani pamodzi ndi ma CD ambiri amene ankabwera ndi ma bodi. Koma popeza aliyense angathe kuikako zinthu kumeneko, fayilo yotengedwa kumeneko iyenera kupimidwa isanatsegulidwe. CD yeniyeni ya bodi, ngati ikadalipo m'kabati ya ofesi, isatayidwe. Pa makina a zaka 20 imeneyo ndi chuma.

Makomo enieni akatsekedwa, akamberembere amatsegula ao. Munthu akalemba dzina la dalaivala pa intaneti amakumana ndi masamba ambirimbiri okhala ndi mabatani aakulu obiriŵira, olonjeza kukonza zonse ndi kudina kumodzi. Zimene amapereka kaŵirikaŵiri si dalaivala ai, koma pulogalamu imene imayerekeza kupima kompyuta, nkulengeza mwa zilembo zofiira kuti madalaivala makumimakumi atha ntchito, kenaka nkupempha ndalama. Ina imaloŵetsa zotsatsa malonda zosatha, ina vairasi, ndipo ngakhale ina yopanda choipa m'kati imadya bandulo ya mwezi wonse kutsitsa zinthu zosafunika. Mawu oti dalaivala watha ntchito ngonyenga. Dalaivala si mkaka woti nkusasa. Amene analembedwa mu 2007 kuti ayendetse chipangizo cha mu 2007 pa Windows ya nthaŵiyo akugwirabe ntchito yake monga tsiku loyamba. Njira imodzi yopimira fayilo ndi kudina pa iyo ndi batani lamanja la mouse, kusankha Properties, nkuyang'ana tsamba la Digital Signatures. Fayilo yoona ya makampani aakulu kaŵirikaŵiri imaonetsa dzina la mwini wake pamenepo. Ya zaka zakale kwambiri ingathe kukhala yopanda chidindo chimenechi, ndipo yotero iyambe yapimidwa ndi pulogalamu yolimbana ndi vairasi pa kompyuta ina yatsopano.

Dalaivala ayenera kugwirizana ndi zinthu ziŵiri: chipangizo, ndi mtundu wa Windows. Wa 32-bit saloŵa pa Windows ya 64-bit, ndipo wa 64-bit saloŵa pa ya 32-bit. Pamene wa Windows yeniyeniyo sakupezeka, wa m'bale wake wapafupi amathandiza kaŵirikaŵiri: wa Vista pa Windows 7, wa Windows 7 pa Windows 10. Koma wa XP pa Windows 10 nkovuta, makamaka wa zithunzi, pakuti kamangidwe ka madalaivala a zithunzi kanasinthiratu pamene Vista inatuluka.

Kaikidwe kali ndi dongosolo lake. Choyamba mafayilo onse ofunika, kaya ndi zotsatira za mayeso kaya ndi mabuku a ndalama, akopedwe pa fulashi kapena pa disiki ina. Chachiŵiri pakhazikitsidwe malo obwererapo kudzera mu System Restore, kuti zinthu zikasokonekera kompyuta ibwezedwe mmene inalili. Kenaka aikidwe dalaivala wa chipset, iye yekha, ndipo kompyuta izimitsidwe nkuyatsidwanso. Ambiri amaona kuyatsanso kumeneku ngati kutaya nthaŵi, namadumpha, koma ndi pa nthaŵi imeneyi pamene Windows imaŵerenganso zipangizo zake mwa maina atsopano. Pambuyo pake abwere wa zithunzi, wa intaneti, ndi wa mawu, mmodzimmodzi. Woika onse nthaŵi imodzi, chikavuta china sadziŵa kuti wolakwa ndi uti.

Dalaivala wa intaneti ali ndi vuto lakelake, pakuti kompyuta imene ilibe iyeyo singathe kukamutenga pa intaneti. Ndiponso mapulogalamu akale otsegulira intaneti a pa XP amalephera kutsegula masamba ambiri a masiku ano. Nzeru yake ndi kutsitsa mafayilo onse pa foni kapena pa kompyuta ina ntchito isanayambe, nkuwasamutsa ndi nthambo ya USB kapena fulashi. Dalaivala wa mawu nayenso amavutitsa pa XP: pa makina a kuyambira cha m'ma 2005, okhala ndi dongosolo la High Definition Audio, iye amakana kuloŵa mpaka Windows itakhala ndi kachigamba ka Microsoft kotchedwa UAA, kamene kali kale m'kati mwa Service Pack 3 ya mu 2008. Ndipo ngati pulogalamu yoikira ikukana, ponena kuti makinawo si ake pamene manambala akugwirizana, pali njira ya pamanja. Fayiloyo imasulidwe ndi pulogalamu yonga 7-Zip, kenaka mu Device Manager munthu asankhe Update Driver nkuloza ku foda yomasulidwayo. Windows idzaŵerenga timafayilo tothera ndi .inf, nkufananiza manambala a VEN ndi DEV olembedwa mmenemo ndi a chipangizo chija, ndipo ikapeza ofanana idzaika yokha.

Timafayilo ta .inf timeneti tikuulula chinthu chimene chimadabwitsa ngakhale amisiri ozoloŵera. Chimene anthu amachitcha dalaivala wa chipset wa Intel, chija chodziŵika kuti Chipset Software Installation Utility, kwakukulu si dalaivala konse. Ndi mndandanda wa maina. Ntchito yake ndi kuuza Windows kuti chipangizo cha nambala yakuti dzina lake ndi lakuti, ndipo chiyendetsedwe ndi dalaivala wakuti amene ali kale m'kati mwa Windows. Motero kuika mtundu watsopano wa pulogalamu imeneyi pa makina amene akuyenda bwino sikuonjezera liŵiro ngakhale pang'ono. Phindu lake limaoneka pamene Windows ndi yakale kuposa bodi, monga XP ya mu 2001 pa bodi ya mu 2007, pakuti Windows yoteroyo siingadziŵe maina a zinthu zimene zinabadwa iyo itatuluka kale. Pamene Windows ndi yatsopano kuposa bodi, monga Windows 10 pa makina a Core 2 Duo, maina ambiri imawadziŵa kale, ndipo mwini wake asadzivutitse. Chizindikiro chachikasu pa SM Bus Controller chimachoka ndi mndandanda umenewu. Cha pa PCI Simple Communications Controller, chimene chimaoneka pa makina a m'maofesi onga OptiPlex 755, kaŵirikaŵiri chimanena Intel Management Engine, chipangizo choyang'anirira makompyuta ambiri kuchokera patali. Chili ndi dalaivala wakewake, ndipo kompyuta ya pasukulu ingathe kugwira ntchito zake zonse popanda iye.

Pa ma bodi a VIA, SiS ndi NVIDIA nkhani njosiyana, ndipo kunyalanyaza kumapweteka. Phukusi la VIA lotchedwa 4-in-1, limene pambuyo pake linatchedwa Hyperion, linali ndi madalaivala enieni a njira ya zithunzi ya AGP ndi a hard disk. Popanda iwo zithunzi zoyenda zinkaumitsa kompyuta ndipo disiki inkakwaŵa. Mu 2001 kunadziŵika kuti southbridge ya VIA yotchedwa 686B inkaononga mafayilo aakulu pokopedwa kuchoka pa disiki ina kupita pa ina, makamaka pa makina okhala ndi khadi ya mawu ya Sound Blaster Live!, ndipo chithandizo chinabwera kudzera mu 4-in-1 yatsopano ndi BIOS yokonzedwa. Pa ma bodi ambiri a nForce, chipangizo cha intaneti chili m'kati mwa chipset momwe, kotero kuti dalaivala wake ali m'phukusi la chipset. Wofunafuna padera kaŵirikaŵiri samupeza.

Pali dalaivala mmodzi wa chipset amene amafunika Windows isanaloŵe nkomwe. CD ya Windows XP siidziŵa njira yatsopano yolankhulira ndi hard disk ya SATA yotchedwa AHCI. Pa makina amene BIOS yake yaikidwa pa AHCI, kuika XP kumathera pa uthenga woti hard disk siikupezeka, kapena pa sikirini yabuluu ya nambala 0x0000007B. Ambiri ataona zimenezi anagula disiki yatsopano pachabe. XP imalola kupereka dalaivalayo pokanikiza F6 kumayambiriro, koma imamufuna pa floppy, chinthu chimene masiku ano nchosoŵa. Chapafupi ndi kuloŵa mu BIOS, kudzera pa F2 pa makina a Dell, F10 pa a HP kapena Delete pa ma bodi ambiri, nkusintha kayendedwe ka SATA kukhala ATA, IDE kapena Compatibility, malinga ndi dzina limene BIOS imeneyo ikugwiritsa ntchito. Windows 7 imadziŵa AHCI, koma nayo imaonetsa sikirini yabuluu yomweyo ngati kayendedweko kasinthidwa iyo italoŵa kale. Apa mpamene kabatire kakang'ono kobulungira ka pa bodi, ka CR2032, kamaloŵa m'nkhani. Kakatha mphamvu BIOS imaiŵala zimene inauzidwa nkubwerera ku zoyamba, ndipo kompyuta imene dzulo inali bwino imadzuka ndi sikirini yabuluu. Chizindikiro chake ndi wotchi ya kompyuta imene imabwerera ku chaka chakale nthaŵi iliyonse magetsi akazima. Tsiku lolakwikalo limalepheretsanso masamba ambiri a pa intaneti kutseguka. Mankhwala ake ndi kabatire katsopano, osati dalaivala.

Momwemonso matenda ena amanamizidwa madalaivala. Kompyuta yozima yokha ikatentha kaŵirikaŵiri yadzaza fumbi pa fani, monga zimachitikira m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Ma bodi ambiri a zaka zoyambirira za m'ma 2000 anali ndi ma capacitor osalimba, timigolo tating'ono toima pafupi ndi processor. Tikatupa pamwamba kapena kutulutsa dzimbiri, palibe pulogalamu ingachize. Kusintha BIOS nako kusayesedwe popanda chifukwa chenicheni, pakuti magetsi akazima ntchitoyo ili m'kati bodi ingathe kufa osadzukanso. Kumene magetsi amathimathima, ntchito imeneyi ichitike pokhapokha pali UPS kapena magetsi ena odalirika.

Madalaivala onse akaloŵa bwino, kompyuta yakale imakhala yamphumphu koma siikhala yotetezeka. Microsoft inasiya kuthandiza Windows XP pa 8 Epulo 2014 ndi Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo tsiku limene inaika lothetsera chithandizo cha masiku onse cha Windows 10 ndi 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna zipangizo zimene makina a Core 2 Duo alibe. Vairasi ya WannaCry, imene mu Meyi 2017 inaimitsa ntchito m'zipatala zambiri za ku Britain, inaloŵera pa makompyuta amene sanalandire zigamba zachitetezo. Choncho makina a XP kapena 7 ngoyenera kutaipira, kusindikizira ndi kuphunzitsira ana, koma asagwiritsidwe ntchito pa za ku banki. Wofuna intaneti pa makina otere angaganizire Linux, monga Linux Mint, imene imabwera ndi madalaivala a ma chipset akale ameneŵa m'kati mwake. Ingathe kuyesedwa kuchokera pa fulashi popanda kukhudza hard disk, ndipo lamulo loti lspci -nn limaonetsa manambala omwe aja a wopanga ndi a chipangizo pa mzere uliwonse.

Ntchito ikatha, mafayilo onse amene agwira ntchito asonkhanitsidwe mu foda imodzi yolembedwa dzina la makinawo ndi mtundu wa Windows, nkukopedwa pa fulashi ya ofesi ndi pa CD ngati nkotheka, pakuti tsamba limene lawapereka lero lingathe kutsekedwa monga linachitira la Intel. Pasukulu yokhala ndi makina makumi aŵiri a mtundu umodzi, foda imodzi imakwanira onse. Dzina la bodi, la chipset, manambala a VEN ndi DEV a chipangizo cha intaneti, ndiponso kayendedwe ka SATA kamene kasankhidwa mu BIOS zilembedwe pa kapepala, ndipo kapepalako kamatidwe m'kati mwa chivundikiro cha bokosi, kutali ndi fani.